Dedza safuna wojambula wothamanga

Pafupifupi aliyense amene anakwerapo basi ya pakati pa Lilongwe ndi Blantyre ali ndi chithunzi cha Dedza m'foni mwake. Nthawi zambiri chimakhala chofanana: chojambulira pawindo, phiri litapendekeka, mtengo wa magetsi utadutsa pakati, pakona pakuoneka khutu la amene anakhala kuwindoko. Chimakwera pa status ndi mawu akuti "Dedza kuzizira abale," chikhalapo maola 24, basi chazimiririka.

Ine kwathu n'komweko. Ndinabadwira m'mudzi wina wa kufupi ndi Linthipe, m'munsi mwa phiri la Chongoni, ndipo ngakhale ndimagwira ntchito ku Lilongwe, mwezi sutha ndisanapite kukaona agogo. Kwa zaka zinayi tsopano ndakhala ndikujambula mapiri, mitambo ndi malo akale a boma lathuli. Ndilibe kamera ya akatswiri. Ndili ndi foni wamba, yosweka pakona, yomwe imadandaula za malo osungira zinthu sabata iliyonse.

Chimene chinandiyambitsa ndi chithunzi chimodzi chokha chomwe banja lathu lili nacho cha agogo aamuna. Iwo ankagwira ntchito m'nkhalango ya paini ya boma, ndipo wina anawajambula ataima panja, chipewa chili m'manja. Abale akachitenga amayang'ana nkhope, n'kumatsutsana kuti ndani anatengera mphuno imeneyo. Ine maso anga amathamangira kumbuyo kwawo. Kuli mitengo yothithikana mpaka kumwamba kwa chithunzi, thambo silikuoneka n'komwe. Malo amenewo ndimawadziwa. Lero kuli zitsa ndi mizere ya chimanga. Wojambulayo ankafuna munthu, koma anatisungiranso phiri mosadziwa, ndipo pakanapanda iye, tikanamangotsutsana ndi agogo aakazi akamati kale kunkada masana chifukwa cha mitengo.

Ndiye ndinati ndizijambula dala zimene wojambula uja anajambula mwangozi.

Chaka cha Dedza chili ndi nkhope zinayi

Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo palibe tawuni ina m'Malawi muno yokwera kuposa pamenepa. Phiri la Dedza, lomwe lili kuseri kwa tawuniyi, limafika mamita pafupifupi 2,200. Kukwera kumeneku ndi kumene kumalamulira zonse zimene foni yanu ingaone.

Juni ndi Julayi ndi miyezi ya nkhungu. Mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa ikagunda mapiriwa, kumachita chiperoni: kamvula kowaza, mitambo yotsika mpaka m'misewu, anthu atafunda mabulangete m'mapewa. Alendo ambiri akaona zimenezi amabweza foni m'thumba, amvekere "lero kulibe view." Komatu kwa ine imeneyi ndiye nyengo yokoma. Nkhungu imafufuta zonse zosafunikira. Mtengo umodzi wa bulugamu umaima pawokha ngati waujambula ndi makala papepala loyera. Munthu wa njinga atanyamula matumba a mbatata ya kachewere amatulukira pang'onopang'ono, kuyamba gudumu, kenako chipewa.

Vuto lake ndi loti foni ikaona kuyera kochuluka imaganiza kuti kwawala mopyola, ndiye imadetsa chithunzi chonse n'kukhala chotuwa ngati phulusa. Mankhwala ake ndi osavuta. Dinani pa sikirini, kakatuluka kachizindikiro ka dzuwa kaja, kakwezeni pang'ono mpaka nkhunguyo iyere ngati mmene maso anu akuionera. Pukutaninso diso la kamera pafupipafupi, ngakhale ndi nsonga ya chitenje, chifukwa timadontho timamatirira osaoneka. Ndipo batire imatha msanga kukazizira, choncho foni izikhala m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala kumabwera fumbi ndi utsi. Tchire likupsa, ena akusaka mbewa, ena akusosa m'minda. Mapiri akutali amasowa, thambo limachita mbuu. Masana palibe chojambula, koma madzulo dzuwa limasanduka mpira wofiira woti mutha kuuyang'ana osaphethira. Apa mumachita zosiyana ndi za m'nkhungu zija: dinani pomwe pali powala, mutsitse kuwalako, mitengo ndi madenga zide bii, thambo lokha litsale ndi mtundu. M'miyezi yomweyi mitengo yachilengedwe ya m'mapiri, monga mombo ndi tsamba, imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe n'dontho lomwe. Ambiri amaganiza kuti ikuuma, chonsecho ikuyamba kumene.

Kenako imagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozimitsa lupsa. Mukamva kuti yagwa, nyamukani. Kwa masiku awiri kapena atatu mpweya umakhala wochapidwa, ndipo mapiri amene anasowa miyezi iwiri amabwerera onse: Chongoni, Nkhoma chakumpoto, ndi Domwe kutsidya kwa malire, ku Mozambique.

Dzinja ndi nyengo ya mitambo. Pano simujambula phiri, mumajambula zimene zikuchitika pamwamba pake. Mvula imaoneka ikuyenda chapatali ngati nsalu yotuwa yolendewera, mudzi uwu ukunyowa, winawo uli padzuwa. Chenjezo langa ndi limodzi: mukamva kugunda, tsikani pamwala. Pamwamba pa thanthwe lopanda mtengo, chinthu chachitali ndinu, ndipo mphenzi sisamala kuti mwatsala pang'ono kupeza chithunzi chabwino.

Epulo ndi Meyi ndiye miyezi ya maso. Mvula yatha, utsi sunayambe, udzu udakali wobiriwira. Mukakwera phiri la Dedza m'mawa, kutsata msewu wopita ku nsanja za mafoni ndi wailesi, tsiku loyera bwino mumaona mpaka nyanja ikunyezimira kum'mawa.

Pa nyengo zonsezi lamulo ndi lomwe lija la makolo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakhalapo pamwala maola awiri, manja ali m'khwapa, kudikira kuti nkhungu ing'ambike. Inang'ambika kwa mphindi zosakwana zitatu, n'kutsekanso. Chithunzi chimenecho ndi chimene chili pakhoma kunyumba kwanga.

Achimwene anga ali ku Johannesburg, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Mnzawo wina anawatumizira chithunzi cha Dedza chopaka filter, udzu wobiriwira ngati penti, thambo ngati la pa kalendala. Anandiimbira usiku womwewo.

"Iwe, kumeneku n'kwathu kapena n'kwa azungu?"

"N'kwathu, achimwene. Angokometsera."

"Ayi, ine usamandikometsere. Uzinditumizira mmene kulili. Kukachita fumbi, fumbi lomwelo. Ndikufuna ndizidziwa mwezi ndikangoona."

Mwana wawo anabadwira konko ndipo sanapondepo ku Malawi. Dedza amene akumudziwa ndi amene ndimatumiza ine. Tsiku lina nditatumiza cha chiperoni, ananditumizira voice note, Chichewa chake chopotoka chija: "Azakhali, phiri lapita kuti?" Ndinamuuza kuti lilipo, langofunda.

Mapanga a Chongoni

Pali malo amene ambiri a ife timawadutsa pa M1 osadziwa kuti dziko lonse limawawerengera. M'nkhalango ya Chongoni ndi m'mapiri oizungulira muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale za pamiyala. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, kukhala lachiwiri m'Malawi pambuyo pa Lake Malawi National Park, yomwe inalowa mu 1984. Odziwika kwambiri, omwe alendo amafikako, ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Zojambulazi zili mitundu iwiri. Zofiira ndiye zakale kwambiri: mizere, timabwalo tolowana, zina ngati makwerero. Anajambula ndi Akafula, omwe ena amati Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene ankakhala kuno alimi asanadzaze dziko. Zoyera n'za makolo athu Achewa, zopakidwa ndi dothi loyera pogwiritsa ntchito chala. Zina zimaoneka ngati buluzi kapena chikopa choyanika, miyendo ili tambalale, ndipo n'zokhudza chinamwali cha atsikana. Zina, makamaka ku Namzeze, zimafanana ndi zilombo za gule. Kujambulaku kunapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900, ndiye si nkhani ya anthu osadziwika ayi. Ena mwa ojambulawo angakhale agogo a agogo athu. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pa phanga la Mwana wa Chentcherere n'kupeza zida zamiyala ndi zotsalira zina za anthu amene ankakhalamo.

Ndikaima m'phanga muja, foni ili m'manja, ndimadziona ngati wobwera mochedwa pamzere wautali. Anthu akhala akusiya zithunzi m'mapiri amenewa kalekale. Kusiyana kwake n'koti zawo zapirira mvula ndi dzuwa mibadwo yonseyi, pamene zanga zitha kutha mawa foni ikagwera m'ndowa.

Kujambula m'phanga kuli ndi mwambo wake. Flash muzimitse, chifukwa imangowalitsa mwala n'kubisa utoto wofiira uja, womwe ndi wofooka kale. Mthunzi wa phangalo ndiye kuwala kwabwino. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitsamire pathupi, mupume kaye musanadine. Musagwiritse ntchito zoom yotambasula ndi zala ija, imangophwanya chithunzi. Senderani ndi miyendo, koma osafika pokhudza. Ndimakonda kutenga zitatu: china chapatali choonetsa phanga ndi mitengo yake, china cha khoma lonse, china chapafupi. Chapafupi chokha sichiuza munthu kuti zinthuzi zili pati ndipo n'zazikulu bwanji.

Chimene simuyenera kuchita ngakhale pang'ono ndi kuthira madzi pamwala kuti utoto uoneke bwino. Alipo amachita zimenezi, ndipo chithunzi chawo chimatulukadi chowala, koma madziwo amasiya mchere ndi kusukulutsa utoto. Thukuta la m'manja nalo limawononga. Ndiye pali aja olemba maina awo ndi makala kapena choko pamwamba penipeni pa zojambulazo, ena mpaka dzina la chibwenzi ndi chaka. Aise, dzina lako lili kale pa chitupa, pa Facebook ndi pa Airtel Money. Phangali lisiye.

Pitani ndi munthu wa m'deralo wodziwa njira, ndipo mumuthokoze ndi kangachepe. Amakuonetsani zimene maso anu akanadumpha, komanso anthu a pamudzi akaona kuti mapangawa akubweretsa kanthu, amawateteza.

Nditajambula koyamba zoyera zija, ndinapita nazo kwa agogo ndisanatumizire aliyense. Anaitenga foniyo, kuitalikitsa, kuiyandikitsa, n'kukhala chete nthawi yaitali.

"Izi wazitenga kuti, iwe?"

"Kuphanga, agogo. Kodi zimatanthauza chiyani?"

Anaseka pang'ono. "Unavinidwa iwe, ukufunsa ine pabwalo pano? Kuona uone, kujambula ujambule. Koma pansi pakepo usalembepo kanthu. Zimenezi amamasulira ndi anamkungwi, kutsimba, kwa amene nthawi yake yakwana."

Ndimatsatira zimenezo mpaka lero. Ndikaika chithunzi chotere pa intaneti ndimalemba dzina la malo ndi mwezi, basi. Wina akafunsa m'makomenti kuti tanthauzo lake n'chiyani, ndimamuuza kuti akafunse agogo ake.

Kutsika Khwekhwerere

Boma la Dedza silithera pamwamba pokha. Mukapatuka pa M1 n'kulowera ku Golomoti, msewu umatsika phiri mokhotakhota mpaka mutu kuzungulira. Anthu anautcha Khwekhwerere, ndipo dzinalo limadzifotokoza lokha. Mumanyamuka mutavala juzi, pofika pansi mwaivula, mukutuluka thukuta pakati pa milambe.

Pamakhota apamwamba mumaona chigwa chonse chitayalidwa, nyanja ili kumapeto. Popeza mumayang'ana kum'mawa, m'mawa dzuwa limakhala kumaso kwanu ndipo mumapeza mizere ya mapiri yakuda ndi madzi owala. Masana akapendeka limakhala kumsana, ndipo m'pamene minda, midzi ndi mitsinje zimaoneka bwinobwino. Ngati muli pa galimoto kapena njinga yamoto, imani pomwe pali malo okwanira, osati pakhota. Malole otsika pamenepaja amadalira mabuleki otentha kale.

M'munsi mwa phirilo muli Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Nyumba zake za njerwa zofiira zimakoma kujambula dzuwa likapendeka, pamene njerwa iliyonse imakhala ndi kamthunzi kake. Pomwepo pali Kungoni Centre of Culture and Art, yomwe anayambitsa mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda woti Achisale. Nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo makoma ake akunja ali ndi zojambula za mbiri ya dziko lino. Mkatimo muli nkhope za gule mazanamazana. Musanatulutse foni, funsani okuyendetsani kuti chololedwa n'chiti. Safunsa anadya phula.

Kufunsaku n'kofunika paliponse. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma zimenezo sizinasandutse dambwe kukhala malo ojambulirako. Kumanda, ngakhale mitengo yake ikhale yokongola chotani, ndipo nthawi zambiri ndi kumene kwatsala mitengo yachilengedwe, sindiloza foni popanda chilolezo cha amfumu. Gule akatuluka pabwalo, ndimayamba ndafunsa akuluakulu a pamenepo.

Anthu nawonso si mapiri. Mayi wina wogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu nditamupempha, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mukazipititsa kuti, achemwali?"

"Ndimasunga, mayi. Zina ndimatumizira achimwene ku Joni."

"Ndiye dikirani ndimange bwino chitenje. Ndipo mujambule ndowa yodzazayi, osati yotsalayo. Anthu angamati ku Dedza mbatata yatha."

Ndinamuonetsa chithunzicho, anachivomereza, ndinagula ndowa ija. Ana sindiwajambula popanda kholo lawo pafupi. Munthu akakana, ndimathokoza n'kupitirira. Mwana wa munthu wovala zong'ambika si chokometsera status yanu.

Mwala umodzi, mwezi ndi mwezi

Pa zonse zimene ndimajambula, zimene ndimazisamala kwambiri n'zosakongola n'komwe. Kuseri kwa nyumba ya agogo kuli mwala wathyathyathya. Ulendo uliwonse ndimaima pamenepo, chala chakuphazi pa mng'alu womwewo, n'kuloza foni ku chitunda chomwecho, cha m'ma 7 koloko m'mawa. Zithunzizi tsopano zapitirira 40.

Chimodzi pachokha n'chotopetsa. Koma mukaziyendetsa ndi chala motsatizana, chitundacho chimayamba kuyenda. Pa choyamba, pamzere wa pamwamba pali mitengo ikuluikulu 11. Pa cha mwezi watha yatsala 6. Palibe tsiku limene munthu anadzuka n'kuona kuti nkhalango yatha. Umapita umodzi, diso n'kuzolowera, kenako wina. Sindiloza chala anthu a kumudzi. Feteleza akufuna ndalama, fizi ikufuna ndalama, ndipo makala amenewo amathera m'mbaula zathu ife a m'tauni.

Zithunzi zomwezo zikuonetsanso zina. Madenga a malata achuluka. Pa nyumba zitatu paoneka timasola. Ndipo kumanzere, pamunda pomwe amalume anasiya kutentha n'kumangotengulira mphukira za pazitsa, pali kachigamba kobiriwira komwe kakukula chaka ndi chaka. Iwo eni sankaona kusinthaku mpaka nditawaonetsa cha 2021 ndi cha chaka chino pambali. Anangoti, "Tatumiza pa foni yangayi." Anakazionetsa ku msonkhano wa komiti ya zankhalango ya m'mudzi, ndipo anabwerako akuti mkangano woti mitengo ikutha kapena ayi unatha msanga tsiku limenelo, anthu n'kuyamba kukambirana zoti achite.

Kuti zithunzi zigwire ntchito yotere, ziyenera kukhalitsa kuposa foni. Mafoni amabedwa m'minibasi, amagwa, amafa. WhatsApp imafinya chithunzi n'kuchichepetsa mphamvu, ndiye chimene mukuchifuna chitumizeni ngati document. Mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, kwezani zofunikazo pa Google Photos kapena muzikopere pa kompyuta. Ine chaka chilichonse ndimasankha zisanu, kukazitsukitsa ku studio, n'kulemba kumbuyo ndi bolopeni: malo, mwezi, chaka, ndi kumene ndinayang'ana. Agogo amazisunga m'chikwama chomwe muli chithunzi cha amuna awo chija. Maso awo afooka ndipo kuphiri sangakwerenso, koma akachiyandikitsa amatchula dzina la chigwa chilichonse ndi mwini munda aliyense, mpaka amene anamwalira ine ndisanabadwe. Mainawo ndimawalembanso.

Mwina inu kwanu si ku Dedza. Mwina ndi ku Ntchisi, ku Neno, ku Chitipa, kapena ku Ndirande komwe phiri linameteka anthu akuona. Ulendo ukubwerawu mukapita, musanayambe ma selfie ndi azisuweni, pezani poima pamodzi pomwe simungapaiwale: pachitsime, pakhonde la tchalitchi, pa chulu cha kuseri kwa khola. Jambulani zimene zili kutsogolo kwanu mmene zilili, opanda filter. Mukadzabweranso, kaimeni pomwepo. Ndipo ngati pakhomopo pali wachikulire, mukhale naye pansi, mumufunse dzina la phiri lililonse limene latuluka m'chithunzicho, akadalipo woti n'kuyankha.